Amene Sanamve Sanavomere

Pafupifupi pachipatala chilichonse m'dziko muno pali kachipinda koyezeramo magazi. Mumakhala tebulo, mipando iwiri kapena itatu, kaundula, thonje ndi tizipangizo toyezera. Munthu amalowamo mtima uli m'mwamba, ndipo lisanakwane ola amatuluka atasenza uthenga woti ayenda nawo masiku onse a moyo wake. Dontho la magazi amalitenga pachala, koma ntchito yonse yotsala ndi ya pakamwa: kudziwitsa, kupempha chilolezo, kupereka uphungu ndi kunena zotsatira. Ngati alipo malo amene Chichewa chiyenera kuyankhulidwa mosamala, ndi m'kachipinda kameneka. Chondiwawa mtima n'chakuti nthawi zambiri ndi momwemonso timachiyankhula mwamgwazo, moduladula, mothira zidutswa za Chingerezi zomwe mwini magaziwo sakuzitola.

Malamulo ake ndi osabisika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndondomeko zake za m'chaka cha 2015, linatsindika nsanamira zisanu za kuyeza HIV: chilolezo cha woyezedwayo, kusunga chinsinsi, uphungu, zotsatira zolondola, ndi kumufikitsa munthuyo komwe angalandire chithandizo. Kuno kwathu, mu November 2017, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhudza kupewa ndi kuthana ndi HIV ndi Edzi, lomwe linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2018. Asanalivomereze, aphungu anachotsamo ndime zomwe zikanakakamiza amayi oyembekezera ndi magulu ena a anthu kuyezedwa. Lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV, limaletsanso bwana kufuna kuti wofunsira ntchito ayambe wayezedwa. Mwana wa zaka 13 kapena kuposerapo angathe kupereka yekha chilolezo. Ndipo chilolezocho sichichita kufuna siginecha kapena chidindo cha chala. Cha pakamwa n'chokwanira. Taonani tsono katundu amene tasenzetsa lilime! Lamulo lalembedwa papepala, koma kusungidwa kapena kuphwanyidwa kwake kumachitikira m'mawu a anthu awiri amene akhala moyang'anizana.

Tiyambe ndi mneni amene ali pakati pa nkhani yonseyi. Wazaumoyo amayeza. Munthu amene wanyamuka kwawo mwa kufuna kwake amayezetsa. Amene zangomuchitikira amayezedwa. Kamphatikiza kakang'ono ka "-etsa" kanyamula ufulu wonse wa munthu, pakuti kakutiuza kuti mwini thupi ndiye wayambitsa ntchitoyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'chifukwa chake chikwangwani chonena kuti "Bwerani mudzayezetse magazi" chili bwino, chikuitana. Koma chonena kuti "Aliyense ayezedwe asanaonane ndi dokotala" chalanda ufulu umene lamulo linapereka. Winanso amati "Ndikukayeza magazi" pamene akutanthauza kuti akukayezetsa, ngati kuti iyeyo ndiye wagwira singano. Pokhapokha ngati watenga kachipangizo kodziyezera yekha, koyendetsa m'nkhama kaja, ndiye anene kuti "Ndadziyeza." Mawu anayi, kuyeza, kuyezetsa, kuyezedwa ndi kudziyeza, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. Tisawasokoneze.

Amene akuganiza kuti uku n'kungotola nkhani m'malamulo a chinenero akumbukire za ku Mwanza. M'chaka cha 2009 apolisi kumeneko anagwira amayi powaganizira kuti amachita uhule, n'kupita nawo kuchipatala cha boma komwe anawatenga magazi osawafunsa, ndipo zotsatira zawo zinawerengedwa poyera m'bwalo la milandu. Amayi 11 anakasuma, ndipo mu May 2015 Justice Dorothy Kamanga wa bwalo lalikulu ku Blantyre anagamula kuti zimene zinachitikazo zinaphwanya ufulu wawo wa m'malamulo aakulu a dziko lino: ulemu wa umunthu wawo ndi chinsinsi chawo. Amayi aja sanayezetse, anayezedwa. Wolemba nkhani amene angalembe kuti "anapita kukayezetsa" wanamizira olakwiridwa, wafafaniza mlandu wonse ndi kamphatikiza kamodzi.

Tsopano za kudziwitsa. Masiku ano si onse oyezedwa amene amachita kubwerera zomwezo. Kusikelo ya amayi oyembekezera, kwa odwala chifuwa chachikulu, kwa odwala matenda opatsirana pogonana ngakhale m'mawodi, wazaumoyo ndiye amayambitsa nkhani ya kuyeza. Zimenezi n'zabwino, ndipo zapulumutsa ana ambiri, makamaka chiyambire 2011 pamene Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachirombo. Koma kuyambitsa nkhani si kulamula. Tamvani kuyankhula kwa mphwayi: "Amayi nonse, muyambe mwadzera uko akakubayeni, kenaka mubwere ndi mabuku anu." Akakubayeni chiyani? Chifukwa chiyani? Nanga wosafuna atani? Mawu oyenera ndi awa: "Amayi, mwa zina zomwe timayeza pano pali kachirombo ka HIV. Timatero kuti ngati kalipo tikuthandizeni msanga, titetezenso mwana ali m'mimbayo. Zotsatira mumva lero lomwe, panokha. Muli ndi ufulu wokana, ndipo mukakana chithandizo china chonse mulandirabe." Kuuza n'kungoponya mawu. Kudziwitsa n'kuonetsetsa kuti mnzako wachokapo akudziwa. Lamulo likufuna kudziwitsa.

Apa ndi pamene tiyenera kudzimvetsa tokha monga mtundu. Ndife anthu aulemu, ndipo ulemu wathu sulola kukana pamaso pa munthu amene tikumuona ngati wamkulu. Makolo anatiphunzitsa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Gogo wochokera kumudzi akakhala pamaso pa munthu wovala zoyera sanena kuti "Ayi, sindikufuna." Amati "Ndamva." Amati "Mmene mwaoneramo, adokotala." Amati "Kaya, poti mwatero." Mwinanso amangoweramitsa mutu n'kutambasula dzanja. Mwana wa Chichewa aliyense amadziwa kuti mawu amenewa si kuvomera. "Ndamva" ndi umboni wa khutu, osati wa mtima. "Poti mwatero" n'kugonjera. "Ndikaganize kaye" ndiponso "Ndikafunse kaye kunyumba" kawirikawiri ndiyo nsalu yoviikidwa ija. Wazaumoyo amene amalemba m'kaundula kuti munthu wavomera atangomva "chabwino" wa m'khosi, wamva Chichewa ndi khutu la mlendo. Funso lake lisakhale lotsekera munthu pakona, lonena kuti "Tikuyezani, eti?" Likhale lotsegula njira ziwiri: "Kodi mukufuna tikuyezeni lero, kapena mukufuna muyambe mwaganiza?" Ndipo asanabaye chala apemphe kuti, "Tandiuzani m'mawu anuanu zomwe mwamva kuti tichita." Amene sanamve sanavomere, ngakhale atagwedeza mutu kakhumi.

Nanga uphungu? Ndimamva ena akuti "Akupangani kanselin'i," ena "Mwapangidwa kanselo?" Abale, tasowa chiyani? Liwu lakuti phungu tinali nalo kalekale chipatala chisanabwere. Kuchinamwali phungu ndi amene amaima pambali pa namwali, kumuperekeza, kumumasulira zovuta, kumugwira dzanja poopsa. Sadzudzula, saweruza, ndipo zomwe waona kumeneko sakaziyala pabwalo. Amene anasankha liwu limeneli kuti litumikire kuchipatala anasankha mwanzeru. Choncho uphungu sapanga. Uphungu amapereka, wina n'kulandira. Mneni "kupanga" tamulemetsa mopitirira muyeso masiku ano: kupanga testi, kupanga disikilozi, kupanga folo apu. Timapanga mpando, timapanga khasu. Magazi timayeza, za m'thupi mwathu timaulula, wodwala timamutsatira kapena kumuyendera. Ndipo uphungu ukasanduka ulaliki, woti "Mwaonatu zotsatira za makhalidwe anu," pamenepo phungu wavula udindo wake, wavala wa woweruza.

Pofika pa zotsatira m'pamene lilime liyenera kuponda mwamphamvu ndi mosazungulira. "Muli pozitivu" ndi mawu amene asocheretsa anthu, pakuti amene anaphunzirako Chingerezi pang'ono amadziwa kuti liwulo limanenanso zabwino, ndipo angathe kutuluka akumwetulira. "Muli negetivu" nalonso lingamugwetse nkhope munthu amene anayenera kupuma. "Zatuluka riyakitivu" ndiye ndi mdima wokhawokha. Chichewa chili ndi mawu owongoka: "Zotsatira zikusonyeza kuti muli ndi kachirombo ka HIV," kapena "Lero sitinapeze zizindikiro za kachirombo ka HIV m'magazi mwanu." Kuyeza koyamba kukasonyeza kachirombo, amayezanso ndi zipangizo za mtundu wina asanatsimikize, ndipo munthu auzidwe zimenezo momveka: "Kuyeza koyamba kwasonyeza kuti mwina kachirombo kalipo, tiyezanso kuti titsimikize." Chimodzimodzi amene wadziyeza yekha kunyumba, mizere iwiri ikaoneka apite kuchipatala akatsimikize, asadzigamulire mlandu yekha.

Pali mawu ena okoma m'khutu koma obisa mbuna: "Magazi anu ali bwinobwino." Choyamba, ngati a uyu ali bwino, ndiye kuti a winayo ndi oipa? Umo ndi mmene kusalana kumaloweramo, mwakachetechete, kudzera m'mawu ooneka achifundo. Chachiwiri, mawuwa amanena zoposa zimene kachipangizo kaona. Tizipangizo tambiri timafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachirombo, ndipo asilikaliwo amatenga masabata angapo, mwina mpaka miyezi itatu, kuti aoneke. Munthu amene watenga kachirombo posachedwa angathe kupezeka alibe pamene kalimo. Ndiye liwu lakuti "lero" lisasowe, ndipo amene anali pachiopsezo posachedwapa auzidwe tsiku lodzabweranso. Chachitatu, munthu womva kuti magazi ake ali bwino amapita akuganiza kuti amuyeza matenda onse, shuga, malungo ndi kuchepa kwa magazi komwe, pamene anamuyeza chinthu chimodzi. Tisaiwalenso kuti zotsatira za mkazi si za mwamuna wake. "Akazi anga anayezetsa kusikelo, ndiye tili bwino" ndi chiganizo cholakwika pa mlowam'malo weniweniyo: woyezetsa ndi mmodzi, "tili" wachokera kuti? Alipo mabanja amene mmodzi ali ndi kachirombo pamene mnzake alibe.

Tisiyanitsenso kachirombo ndi matenda. HIV ndi kachirombo; Edzi ndi pamene kachiromboko kafooketsa chitetezo cha m'thupi mpaka matenda osiyanasiyana kumangolowa. Palibe amene amayezetsa Edzi, ndipo kuuza munthu wamphamvu zake kuti "Muli ndi Edzi" ndi bodza lopweteka. Chiyambire 2004 ma ARV akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo chiyambire 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Amene akumwa mankhwala mokhulupirika amalima, amaphunzitsa, amabereka ana opanda kachirombo, amaona zidzukulu. Tsono mayina aja tinkatchula m'zaka za mantha, kuchokera pamene matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, monga kaliwondewonde, magawagawa ndi matenda a boma, akhale m'mbiri momwemo. Tisati "odwala Edzi" ponena za anthu osadwala. Tinene kuti "anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV," liwu lakuti anthu likhale patsogolo.

Chinsinsi nachonso chili ndi Chichewa chake. Mwini nkhani amaulula, kwa amene wamusankha, pa nthawi imene wakonzeka. Wina akatenga nkhaniyo n'kuipereka kwa ena popanda chilolezo, sanaulule m'lingaliro limeneli. Wachita miseche, wawanditsa za mwini. Kufuula pakhonde la chipatala kuti "A ma ARV mbali iyi!" n'kulengeza zomwe munthu sanakonzeke kunena, ndipo kalowa m'khutu kayala mphasa, sikatulukanso. Itanani munthu ndi dzina lake, motsitsa mawu, zotsalazo mukanene chitseko chili chotseka. Ndipo m'kachipinda muja aliyense ndi "inu." Mtsikana wa zaka 14 amene lamulo lamupatsa mphamvu yovomera yekha asamve kuti "Iwe, wayamba liti zimenezi?" Amve kuti "Mwachita bwino kubwera, khalani pansi tikambirane." Munthu wonyozedwa pakhomo sabweranso kudzatenga mankhwala, ndipo amakauza anzake kuti asayerekeze.

Sindikunena kuti titaye liwu lililonse lobwereka. HIV, Edzi, ma ARV, kondomu, sikelo ndi dokotala ndi alendo amene anakhazikika, ndipo agogo kumudzi amawadziwa. Muyeso wake ndi umodzi: kodi mwini magazi walimva liwulo? Ndikudziwanso kuti anamwino, alangizi a zaumoyo ndi aphungu athu amagwira ntchito mzere uli mpaka panja, ndipo maphunziro awo ambiri anawalandira m'Chingerezi. Ambiri mwa iwo amayankhula Chichewa chogwira mtima, ndipo tiwathokoze. Koma mutu umodzi susenza denga. Sukulu zophunzitsa azaumoyo ziwayese ophunzira kupereka uphungu m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina zomwe odwala amayankhula. Olemba zikwangwani ndi timapepala ta mauthenga ayambe awerengera anthu wamba asanasindikize, amve ngati uthenga wafika. Akadaulo a ku Centre for Language Studies ku Zomba afunsidwe nzeru pomasulira mafomu a chilolezo. Atolankhani ndi aulutsi asiyanitse kuyezetsa ndi kuyezedwa, kachirombo ndi Edzi.

Ndipo inu ndi ine, tikakhala pampando wa woyezetsa, tisachite manyazi kunena kuti, "Pepani, sindinamve, tandiuzani m'Chichewa." Safunsa anadya phula. Kufunsa kotero si mwano ndipo si umbuli. Thupi ndi lanu, magazi ndi anu, chinenero ndi chanu, ndipo lamulo la dziko lino lili kumbali yanu.