Atachimenti ya social work isamathere pa boma

Maphunziro a social work sanayambire m'kalasi. Mu 1884, ku London, anatsegula Toynbee Hall, nyumba imene ophunzira ochokera ku Oxford ndi Cambridge ankagonamo pakati pa anthu osauka kuti aone okha mmene akukhalira. Kuno kwathu, kwa zaka zambiri ogwira ntchitoyi ankasulidwa ku Magomero College, ndipo digiri inabwera mochedwa, Catholic University itatsegulidwa mu 2006.

Nanga wophunzira wa lero timamutumiza kuti? Kawirikawiri ku ofesi ya pa boma, kumene amathera miyezi akusanja mafayilo.

Taganizirani za Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa lomwe anthu amakwererapo maboti a ku Chisi. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala matope. Ikaphwa, matemba amasowa, asodzi amasamuka, amayi ogulitsa nsomba amatsala ndi ana komanso ngongole. Ikadzaza, asodzi ena amakhala masabata pa zimbowera, timisasa toyandama, kumene kolera savuta kufala. Mu 2016 azaumoyo anachita kuwasiyira asodziwa katemera wachiwiri wa kolera kuti akamwe okha, poti kuwapezanso kunali kovuta.

University of Malawi inayamba kufufuza za madzi ndi nsomba za Chilwa m'ma 1960. Ophunzira a social work nawo akadamagona pa Kachulu, koma osati okha. Wophunzira akakumana ndi mwana wosiya sukulu n'kumakoka nawo khoka, amafunika womuyang'anira wodziwa ntchito woti akambirane naye sabata iliyonse, osati wongobwera kudzasayina fomu tsiku lomaliza.