Mkodzo umene unaulula za mtima

Amayi ndi abambo a ku Nkopola ndi madera ozungulira, namwino akakupatsani kabotolo koti muikemo mkodzo, musaone ngati akukutayirani nthawi. Kuyeza kumeneku kunayamba zaka zoposa 200 zapitazo.

Mu 1827, Richard Bright, dokotala wa pa Guy's Hospital ku London, analemba za odwala otupa thupi. Ankathira mkodzo wawo pa supuni n'kuutenthetsa pa kandulo, ndipo unkagwirana n'kuyera ngati dzira likamapsa. Imeneyo inali puloteni, chizindikiro choti impso zikutaya zinthu zoyenera kutsala m'magazi. Pofika 1836, iye anaonanso kuti ambiri mwa odwalawa akamwalira ankapezeka ndi mtima wokula. Mu 1843, pa chipatala chomwecho, John Lever anapeza puloteni mumkodzo wa amayi oyembekezera amene ankakomoka. N'chifukwa chake kusikelo timayeza mkodzo pamodzi ndi BP.

M'zaka za m'ma 1950 kunabwera kapepala kosintha mtundu kakaviikidwa mumkodzo. Mu 1984, Carl Erik Mogensen wa ku Denmark anasonyeza kuti odwala shuga okhala ndi puloteni ngakhale yochepa mumkodzo amamwalira msanga kuposa anzawo. Timitsempha ta mu impso tikayamba kudontha, nthawi zambiri mitsempha ya kumtima ndi ku ubongo imakhala kuti yayambanso kuwonongeka.

Kuno kunyanja tili ndi vuto lina, likodzo. Mazira a tizilombo take amavulaza chikhodzodzo, ndipo mkodzo umaonetsa magazi ndi puloteni ngakhale impso zili bwino. Choncho mukapezeka ndi puloteni, akuyezeninso likodzo. Ngati lilipo, imwani praziquantel, kenako mudzayezetsenso. Puloteni ikapitirira kuoneka, pemphani akuyezeni BP ndi shuga.

Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Mkodzo ukamachita thovu losatha msanga, kapena mapazi ndi nkhope zikamatupa, pitani kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi. Chepetsani mchere mu ndiwo, ndipo mankhwala a BP musamasiye chifukwa choti mukumva bwino. Amayi oyembekezera, mutu ukamapweteka kwambiri kapena maso akamachita chidima, pitani tsiku lomwelo.