Galimoto ya malume ndi nzimbe za ku Dwangwa

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene ndinakuphunzitsani mbiri, mukuidziwa Pajero yakale ija imene malume anandisiyira. Imamwa petulo ngati ng'ombe yochokera kudambo. Kupita ku Salima ndi kubwerako ndimayamba ndawerengera kaye malipiro. Mnyamata wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, bwanji osangothiramo ethanol wa ku Dwangwa?" Funsoli linandibwezera m'mbiri.

Mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse mu 1973, kenaka mu 1979, mayiko osakumba mafuta anagwira njakata. Brazil inayamba mu 1975 kuyendetsa magalimoto ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Kuno kwathu fakitale ya shuga inali itangotsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 1982 kampani ya Ethco inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda onata otsala popanga shuga. Kachasu wa galimoto, tingotero! Ankamusakaniza ndi petulo.

Anafika pa nthawi yake. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, moti chapakati pa zaka za m'ma 1980 mafuta ankazungulira njira zazitali ndi zodula. Malume ankanena kuti masiku amenewo woyendetsa aliyense anali katswiri wosunga mafuta: kupopa matayala mokwanira, kutsuka kabuleta, kusintha mapulagi, kutsitsa katundu wosafunika. Ena ankazimitsa injini potsetsereka, koma izi musayese, mabuleki amauma.

Tsono apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ethanol sapangitsa galimoto kuyenda mtunda wautali pa lita. Mphamvu yake ndi yochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo. Chimene Dwangwa inapulumutsa si thumba la woyendetsa ayi, koma ndalama zakunja za dziko. Lita iliyonse yochokera m'munda wa nzimbe ndi lita imene sitinagule ndi madola. N'chifukwa chake mu 2004 PressCane inatsegula fakitale ina ku Chikwawa, ndipo cha m'ma 2006 akatswiri a ku Lilongwe Technical College anasintha injini ya Pajero, mtundu womwewu wa yangayi, kuti iyende ndi ethanol yekha. Inayendadi.

Komabe mu 2011 tinagona pamizere ndi zigubu, chifukwa ethanol wathu ankangowonjezera pa petulo wogula kunja, ndipo madola anali atasowa. Ine ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango miyezi itatu, nkhuku n'kumaikira mazira kunsi kwake.

Mnyamata uja ndinamuyankha kuti ethanol alimo kale m'petulo amene timagula, ndipo kuthira yekhayekha m'injini yosasinthidwa kungadye mapaipi a labala. Loweruka tinapopa matayala, tinasintha sefa ya mpweya, n'kutsitsa chitsulo chonyamulira katundu padenga chimene malume anamangirira kalekale. Pa M5 tsopano sindipitirira 80.