Misonkhano ya Mgonero ndi Nyimbo za Angoni a kwa M'mbelwa

Chikhristu chinalowa mwapang'onopang'ono m'dziko la Angoni a kwa M'mbelwa, lomwe lero ndi boma la Mzimba. William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa, anakhazikika ku Njuyu mu 1882, ndipo ngakhale Angoni ankamumva bwino chifukwa chinenero chake chinali pachibale ndi chawo, iye anamwalira mu 1886 asanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, anaima pamaso pa mpingo mu 1890. Kufikira nthawiyo chipembedzo chatsopanochi chinkaoneka ngati cha ana asukulu, chodzaza ndi zoletsa, pomwe moyo wa mtunduwo unali m'khola la ng'ombe, m'magule ndi m'nyimbo zotamanda mafumu.

Zinthu zinasintha atafika Donald Fraser, mbusa wa mishoni ya Livingstonia wochokera ku Scotland, mu 1896. Fraser anakulira m'dera lomwe Akhristu anali ndi mwambo wosonkhana masiku angapo panja, kumva maulaliki ndi kudziyesa mumtima, asanalandire Mgonero wa Ambuye pa Sabata. Mwambo umenewu ndi umene anauyambitsa ku Ekwendeni mu 1898, ndipo kunafika anthu pafupifupi 4,000, ambiri atayenda pansi masiku angapo, ufa uli kumutu, n'kumagona m'misasa ya udzu yomwe inamangidwa mozungulira mishoni. Akalasi, ndiye kuti ophunzira za chikhulupiriro poyembekeza ubatizo, ankabatizidwa ambirimbiri nthawi imodzi. Katswiri wa mbiri ya mpingo, T. Jack Thompson, anaona kuti misonkhanoyi inadzaza malo amene anasiyidwa ndi incwala, chikondwerero cha zipatso zoyamba chomwe kale chinkasonkhanitsa Angoni onse pamodzi koma chinali chitazilala. Maganizo amenewa ndi omveka, pakuti mtundu wozolowera kukondwera pagulu sukanakhutira ndi chikhulupiriro chopempherera m'kachipinda mokha.

Chinthu chachikulu chimene misonkhanoyi inabala ndi nyimbo. Amishonale ambiri a nthawiyo ankangotanthauzira nyimbo za kwawo, n'kukakamiza mawu a zinenero za kuno kuti alowe m'mayimbidwe a ku Ulaya, moti anthu ankayimba molemera ngati asenza katundu wa eni. Fraser, atasamukira ku Loudon, komwe lero ndi ku Embangweni, mu 1902, ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo ndipo ankachititsa mipikisano yoti opeka aonetse luso lawo. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa, Hezekiya Tweya ndi Charles Chinula anatenga mayimbidwe a ingoma, gule wa amuna wovina ndi zishango, komanso a nyimbo zaukwati ndi zotamanda mafumu, n'kuikamo mawu onena za Khristu. Mmodzi ankayambitsa, khamu lonse n'kumavomera, monga mmene zimakhalira pabwalo la mfumu. Apa ndi pamene gogo wosadziwa kuwerenga anapezera mbali yake m'chipembedzo, popeza nyimbo yotere siifuna buku, imangofuna khutu ndi mtima. Zambiri mwa nyimbozi zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu lomwe Sinodi ya Livingstonia ikuyimbabe, ndipo zina zinatanthauziridwa m'Chingerezi n'kukayimbidwa m'matchalitchi a ku Scotland komweko.

Sikuti onse anakondwa nazo. Walter Elmslie, dokotala amene anatumikira pakati pa Angoni kuyambira 1885, ankaopa kuti kulira, kunjenjemera ndi masomphenya zomwe zinkachitika pamisonkhanoyi zinali kutengeka chabe, ndipo kuti anthu ankabatizidwa mofulumira asanakhwime. Nkhawa yakeyo inali ndi maziko, koma zimene zinatsatira msonkhano wa 1898 zikuonetsa kuti chimwemwecho sichinathere pamisasa. Aphunzitsi ndi alaliki achingoni anadzipereka kutsikira ku Marambo, chigwa cha mtsinje wa Luangwa m'dziko lomwe lero ndi Zambia, kukatsegula sukulu ndi kulalikira pakati pa Asenga, anthu omwewo amene makolo a Angoniwo ankawathira nkhondo ndi kuwagwira ukapolo zaka zochepa m'mbuyomo. Anyamata amene akanapeza ulemu wawo pamkondo anaupeza pouyenda ulendo womwewo atanyamula bolodi ndi buku, ndipo ankakhala miyezi m'midzi yotentha ya kuchigwa, kutali ndi ng'ombe ndi abale awo.

Mu 1914 Jonathan Chirwa ndi Hezekiya Tweya, pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi, anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Livingstonia, kotero kuti awiri mwa atatuwo anali opeka nyimbo. Fraser anabwerera kwawo mu 1925 ndipo anamwalira mu 1933, koma phulusa la thupi lake linabweretsedwa ku Embangweni, komwe manda ake ali pafupi ndi a Chirwa.