Kuchokera pa Doom kukafika pakhonde la agogo

Madzi a namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ya agogo anga aakazi ku Phalombe mu Marichi 2023, ndinatsala ndi zithunzi zinayi zokha mufoni, ziwiri mwa izo zosaoneka bwino. Agogowo anapulumuka, pano akukhala kwa azakhali ku Bangwe. Koma khonde lomwe tinkadyera nandolo, mtengo wa mango ndi nkhokwe, zonse zinapita. Chaka chatha ndinaganiza zoimanganso nyumbayo mu Unreal Engine, pa laputopu yanga yakale yomwe imatentha ngati mbaula. Usiku wina magetsi atathima, ndili phee mumdima, ndinadzifunsa kuti kodi chida chopangira magemu owomberana chinafika bwanji pomangira malo ooneka ngati a mufilimu? Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ili ndi mitsinje iwiri yomwe inayenda payokhapayokha kwa zaka zambiri isanakumane.

Mtsinje woyamba ndi wa mafilimu. Mu 1907, Norman Dawn ankajambula nyumba zakale za amishoni ku California, zina zitagumuka kale. Iye anatenga galasi, n'kupentapo zigawo zomwe zinagwa, n'kuliimika patsogolo pa kamera. Mufilimu, nyumbazo zinaoneka zathunthu. Nditawerenga izi ndinaseka ndekha: kani ntchito yangayi munthu wina anaiyamba zaka zoposa 100 zapitazo, ndi burashi chabe.

Stanley Kubrick anafuna chipululu cha ku Africa chotsegulira filimu yake ya 2001: A Space Odyssey, yomwe inatuluka mu 1968. Iye sanapondeko kuno ayi. Anatuma anthu kukajambula zithunzi ku South West Africa, komwe lero ndi Namibia, ndipo zithunzizo anaziwalitsa pa chinsalu chachikulu mu situdiyo ku England, ochita sewero ali patsogolo pake. Zinaoneka zenizeni ndithu, koma vuto linali limodzi: chithunzi ndi chafulati. Kamera ikasuntha kwambiri, phiri lakutali ndi mwala wapafupi sizisiyana mayendedwe monga zimachitira m'maso mwathu, ndiye bodza limaululika. Makompyuta atabwera anathetsa zimenezi, koma mochedwa kwabasi. Popanga Toy Story ya 1995, chithunzi chimodzi chinkatha kutenga maola angapo kuti makina achimalize, pomwe sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24.

Mtsinje wachiwiri ndi wa magemu, ndipo uwu sunali ndi nthawi yodikira. Ukadina batani, gemu iyenera kuyankha pompo, kutanthauza zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Mu Disembala 1993, kampani ya id Software ya ku Texas inatulutsa Doom. John Carmack ndi anzake anachita chinthu chooneka chaching'ono koma chomwe chinasintha zonse: analekanitsa pulogalamu yojambula dziko ndi mafayilo okhala ndi makoma, zilombo ndi mawu, otchedwa WAD. Ndiye munthu ankatha kusintha dziko lonse osakhudza pulogalamuyo, monga kuchotsa bodi ya minibasi n'kuikapo ina injini ili yomweyo. Mawu oti injini ya gemu anafala nthawi imeneyi. Mu 1994, Raven Software inatulutsa Heretic pogwiritsa ntchito injini yomweyo ya Doom.

Quake ya 1996 inabwera ndi dziko la 3D lenileni, komanso njira yosungira masewera ako kuti uwaonerenso. Gulu lina la osewera lotchedwa Rangers linaona mwayi: m'malo mongowomberana, linapanga kasewero kakafupi kotchedwa Diary of a Camper, wosewera mmodzi akugwira ntchito ya kamera. Sikakwana ndi mphindi ziwiri zomwe, ndipo ukakaonera lero sungachedwe kuyasamula, koma mafilimu opangidwa m'kati mwa gemu, omwe pambuyo pake anatchedwa machinima, amayambira pamenepo. Mu 2003, Red vs. Blue, yojambulidwa m'gemu ya Halo, inasonyeza kuti anthu akhoza kutsatira sewero lotere gawo ndi gawo.

Apa n'kuti Tim Sweeney wa Epic atatulutsa kale Unreal mu 1998, pamodzi ndi pulogalamu yomangira malo. Kwa zaka zambiri injini zikuluzikulu zinali za makampani a ndalama. Unity, yomwe inatuluka mu 2005, inayamba kutsegulira khomo anthu wamba, ndipo mu Marichi 2015 Epic inalola aliyense kutenga Unreal Engine 4 ulere, n'kumangolandira 5 peresenti kwa omwe agulitsa gemu. Pakanapanda chiganizo chimenechi, ine wa digiri yopanda ntchito yokhazikika sindikanayerekeza n'komwe. Bandulo yokha yoitsitsira ndi yomwe inandiliza.

Mitsinje iwiriyi inakumana poyera mu Novembala 2019 ndi The Mandalorian. Jon Favreau ndi a Industrial Light & Magic anazunguliza ochita sewero ndi khoma la masikirini a LED, lotalika pafupifupi mamita 6. Pakhomalo pankaoneka dziko lomangidwa mu Unreal Engine 4. Makina ankatsatira pomwe kamera ili, ndipo ikasuntha, injini inkajambulanso mapiri nthawi yomweyo mogwirizana ndi diso la kamerayo. Vuto la Kubrick lija linathera pamenepo. Komanso popeza mwini filimuyo amavala chovala chachitsulo chonyezimira, kuwala kwa khomalo kunkagwera pa iye ngati alidi m'chipululu, chinthu chomwe nsalu yobiriwira singachite. Zoposa theka la gawo loyamba zinajambulidwa motere.

Mwezi womwewo Epic inagula Quixel, kampani ya ku Sweden yomwe imayendayenda kujambula miyala, makungwa ndi dothi kuchokera mbali zonse, n'kuzisandutsa zinthu za 3D. Kenako Unreal Engine 5, yomwe anaionetsa mu Meyi 2020 n'kuitulutsa mu Epulo 2022, inabwera ndi Nanite ndi Lumen. Nanite imalola kuika zinthu zatsatanetsatane kwambiri, injini n'kumasankha yokha zoyenera kuoneka. Lumen ndiyo inandikhudza. Kuyambira nthawi ya Quake, kuwala kwabwino ankakuwerengeratu n'kukumata pamakoma, ndiye ukasuntha dzuwa unkayenera kudikira makina awerengenso. Ndi Lumen, ukakoka dzuwa, kuwala kumagunda dothi n'kubwerera pakhoma iwe ukuona.

Zonsezi n'zokoma pozimva, koma nditayamba kumanga ndinagunda mwala. M'nkhokwe ya zinthu zojambulidwa kale ndinapeza miyala ya ku Iceland yambirimbiri, nkhalango za paini, chipale chofewa. Njerwa yosawotcha yozira ndi dothi la kudambo, nsungwi zoluka nkhokwe, mtondo wong'aluka mbali imodzi, ndinasaka mpaka kutopa. Ndiye ndinakwera basi kupita kumudzi, n'kujambula khoma la nyumba ya aneba zithunzi zoposa 80, kuzungulira ngati wamisala ana akundiseka. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti injini imadziwa zokhazo zomwe wina anapita kukajambula. Kubrick anatenga chipululu cha ku Africa kukachiika ku England. Ife tikapanda kujambula zathu tokha, midzi yathu ya pakompyuta idzamangidwa ndi miyala ya eni.

Nditamaliza ndinapanga kakanema ka sekondi 40, kamera ikuyenda pang'onopang'ono kuchoka pamtengo wa mango kulowera pakhonde, phiri la Michesi likuoneka patali, kafumbi kakuuluka m'kuwala. Anzanga pa WhatsApp anati ndi zonga za Netflix. Ndinanyada, osanama.

Lamlungu ndinapita nako ku Bangwe. Agogo anagwira foni ndi manja awiri, n'kuonera katatu osayankhula. Kenako anati, "Iwe, dzuwa ili ndi la nthawi yanji?" Ndinati la m'mawa, agogo. Anapukusa mutu. "M'mawa mthunzi wa mango sunkagwera uko. Unkafika pakhonde, n'chifukwa chake ndinkasankhira mpunga pamenepo. Ndipo mtsuko wanga uli kuti?"

Ndinali nditaika dzuwa komwe limakongoletsa chithunzi, monga amaphunzitsira pa YouTube. Ndinatulutsa laputopu pomwepo, n'kuyamba kulikoka pang'onopang'ono, mthunzi ukukwawa padothi, iwo akuyang'ana. Utafika pa sitepe yoyamba ya khonde anati, "Basi, pompo. Usasunthenso."

Mtsukowo sindinaumalize. Akuti unali ndi kamng'alu kukamwa, ndipo Loweruka likubwerali ndikupitanso kuti akandiuze mbali yake.