Zidole zodzipangira za ngwazi za m'makomiki

Zidole zodzipangira za ngwazi za m'makomiki ndi zifanizo za anthu amphamvu zodabwitsa a m'mabuku a nkhani zazithunzi, monga Superman, Batman ndi Spider-Man, zimene okonda nkhanizi amaumba kapena kukonzanso ndi manja awo. Kawirikawiri wopangayo amatenga chidole chogula, n'kuchisintha mutu, zovala kapena mtundu mpaka chitafanana ndi ngwazi imene akuifuna. Lusoli linakula ku America, koma lili pachibale ndi luso lakale la ana a m'Malawi loumba zidole zadongo ndi kupinda magalimoto a waya.

Chiyambi

Superman anaonekera koyamba mu 1938 m'buku la Action Comics, ndipo anamuyambitsa ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Batman anatsatira mu 1939, Spider-Man mu 1962, ndipo Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, mu 1966. Mu 1964 kampani ya Hasbro inatulutsa G.I. Joe, chidole cha msilikali chopindika m'zigongono ndi m'maondo, chotalika pafupifupi masentimita 30. Mu 1972 kampani ya Mego inayamba kugulitsa zidole za ngwazi za m'makomiki za masentimita 20. Zambiri mwa izo zinali ndi thupi lofanana, kusiyana kunali pa mutu ndi chovala basi. Motero mwini zidole ankatha kuzisinthanitsa ziwalo n'kupeza ngwazi imene fakitale sinapange.

Kapangidwe

Wopanga amayamba ndi kusankha chidole cha msinkhu woyenera. Amachiviika m'madzi otentha kuti pulasitiki ifewe, kenako amazula mutu kapena mkono popanda kuthyola polumikizira. Zosafunika amazipala ndi kampeni n'kusalaza ndi sandipepala. Minofu, tsitsi ndi chigoba cha kumaso amaumba ndi phala la epoxy, lomwe limauma gwa pakapita maola ochepa. Penti amapaka mopyapyala kangapo, chifukwa yokhuthala imakwirira maonekedwe a nkhope ndipo imasupuka popindikira. Masiku ano ena amasindikiza mitu pa makina a 3D. Anthu amalowa m'ntchito yotereyi pofuna ngwazi yosowa pamsika, pokonza chidole chothyoka, kapena pofuna chifanizo cha khungu ndi zovala za kwawo.

Ku Kasungu

Luso la ana a m'Malawi lija limaoneka m'dera la Mfumu Kaomba, lomwe lili m'chigwa cha fodya chozungulira tauni ya Kasungu, pa msewu wa M1 kumpoto kwa Lilongwe. M'midzi ya kuno, monga m'madera ena a Achewa, chidole chogula n'chosowa, ndipo chikapezeka chimakhala cha pakaunjika. Choncho mwana amadzipangira yekha. Nyengo ya dzinja anyamata amakumba dongo kudambo kapena pachulu n'kuumba ng'ombe, ngolo ndi anthu. Miyendo ndi nyanga amazilimbitsa ndi timitengo, ndipo chidolecho amachiumitsa pamthunzi kuti chisang'aluke. M'chilimwe amapinda waya kupanga galimoto ya chiwongolero chachitali, n'kumanga polumikizira ndi malegeni. Mapesi a chimanga, zitsekerero za mabotolo ndi mapaketi a Chibuku nazonso sizitayidwa. Mwana amaumba chimene waona, kaya ndi thirakitala ya paesiteti, lole yonyamula mabelo a fodya, kapena munthu wamphamvu wa m'filimu ya kuvidiyo sho.

Lusoli lafikanso m'mabuku. Buku la ana la Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams mu 1990, limasimba za mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi, amene amayendayenda kufuna mawaya oti apangire galimoto. William Kamkwamba, yemwe anakulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe m'boma lomweli la Kasungu, anafotokoza m'buku lake la mu 2009 kuti ali mwana ankapanga malole a mapaketi a Chibuku ndi anzake. Ali ndi zaka 14 anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola.

Ngwazi za kuno kwathu

Afrika nayo ili ndi ngwazi zake zoti mwana n'kuziumba. Ku South Africa, Loyiso Mkize anayambitsa komiki ya Kwezi mu 2014. Mu 2023 Netflix inayamba kuonetsa katuni ya Supa Team 4, imene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, yonena za atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka.

Malamulo

Superman ndi Batman eni ake ndi kampani ya DC, pomwe Spider-Man ndi Black Panther ndi a Marvel. Kudziumbira chidole chosewera nacho n'kosiyana ndi kupanga zambiri zogulitsa, pakuti malonda otere amafuna chilolezo cha eni. M'Malawi nkhani za umwini wa zaluso zimayendetsedwa ndi lamulo la mu 2016, ndipo bungwe lodziwika pa nkhanizi ndi COSOMA.

Kufunika kwake

Mwana wopanga chidole amaphunzira kuyeza ndi maso, kudziwa polekezera pa dongo ndi waya, ndiponso kukonza cholakwika m'malo mochitaya. Makolo ndi aphunzitsi asamaone ntchitoyi ngati kutaya nthawi, chifukwa ndiyo sukulu yoyamba ya amisiri ambiri a m'dziko muno.