Lamulo Lija Lidabwera ndi Ndani?

Abale a ku Mongue, ambiri oimba foni pa pologalamu yanga amati ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi khalidwe la azungu. Mawu omwewo adamveka ku Blantyre mu July 2023, atsogoleri a mipingo ataguba m'misewu. Koma mbiri ikuti bwanji? Lamulo lolanga anthu otere lidali m'buku la malamulo la Apwitikizi la 1886, omwe aja ankatigwira cibalo. Dziko lathu lidalicotsa mu 2015, ngakhale ukwatiwo silidauvomereze. La ku Malawi adasiya ndi Angerezi, ndipo ndi lomwe lidagamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga zaka 14 mu 2010, Bingu wa Mutharika asadawakhululukire.

Sindikuuza munthu zoti akhulupirire. Cimene cimandiwawa n'cakuti lamulo loletsa kukwatitsa ana osafika zaka 18 lidadikira mpaka 2019. Atsikana athu akhala akucotsedwa pasukulu n'kuperekedwa kwa madoda, nthawi zina akulu a mpingo ali pompo, akudya nsima ya ukwati. Cifukwa ca anawa, sindinaonepo mtanda ukunyamulidwa pamsewu wa ku Milange.